Ndakwecha Ndalama Zanu za Chidatchi

Makhanga,
Mwezi wa Okutobala, 1922.

Bambo a Estere,

Moni wochuluka. Kodi mukudzuka bwanji uko ku Chinde? Nanga chifuwa chija chidakusiyani? Ine Imelda ndilipo, Estere nayenso alipo. Akundilembera ndi aphunzitsi a Geresomo, ndipo ndawaletsa kuseka.

Kuno njala yafika pakhosi. Mapira adapsa ndi dzuwa ali m'munda. Tinkadya nyika, mizu ija ya m'dambo, koma Estere adayamba kutupa miyendo, ine mtima osakhala m'malo.

Ndiye ndidakumbuka chitini chanu cha kudenga, chija cha ndalama zasiliva za Adatchi zomwe mwakhala mukutolera kwa amalinyero zaka zonsezi. Mudati ndisazigwire. Ndidazigwira.

Mmwenye wa pasitolo adazitembenuza, nati kuno sizigula ngakhale singano chifukwa mutu wojambulidwapo si wa mfumu ya Angerezi. Adati ndikayese kwa mzungu wogula thonje, amene amasunga zoterezi ngati inu.

Tsono ndidaziona mmene zidadera. Munthu ungapite nazo kwa mzungu zili bii choncho, akati mkazi wa Damiano ndi wauve? Ndidatsikira nazo ku Shire, ndidazikwecha ndi mchenga ndi phulusa ngati mbale za alendo, mpaka zidawala mbee. Ndidabwerako ndikudzitama.

Mzungu ataziona adagwira mutu. Adafunsa amene wachita zimenezi, ine ndidayankha monyadira kuti ndine. Adati mkango uja wa pandalamazo ndi zilembo ndazifafaniza, zatsala zitsulo chabe. Kenaka adagwedeza chitini, n'kugwamo kandalama kamodzi kakuda kamene kadakanirira pansi, kamene ndidakaiwala. Kameneko ndiye adakapsompsona, nandipatsa thumba lathunthu la mapira. Zoyera zonse adandibwezera.

Bambo a Estere, mutu wanga waima. Ndalama yosagula singano yagula thumba. Yauve yadyetsa mwana, zotsuka zakanidwa. Kodi litsiro lija ndi limene munkasunga? Bwanji simudandiuze? Inu mumangozitulutsa Lamulungu, n'kumaziyang'ana ngati ana a nkhuku, osanena kanthu.

Estere wadya, miyendo yaphwa, dzulo amathamangitsa mbuzi. Pamenepo sindikupepesa. Koma ndikudziwa kuti ndaononga thukuta lanu la zaka zambiri, ndipo ndili ndi mantha. Mayi anu akuti mukamva mudzandibweza kwathu ku Nsanje.

Ngati ndi choncho, lembani msanga ndidziwe. Koma musatume munthu. Mubwere nokha, mumunyamule Estere mumve kulemera kwake, kenaka mundiuze ndili pomwepo kuti ndizipita.

Mulungu akusungeni pamadzipo. Mupereke moni kwa alamu a Pedro ndi akazi awo.

Ndine mkazi wanu, mpaka mutanena zina,
Imelda