Bambo, Musamalize Diresi la Khola

Lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni, Bambo athu, telala wa pakona. Wolemba ndine mwana wanu wamkazi wamkulu, m'malo mwa ana anu onse. Pa chithunzi chili pamwambachi mwavala malaya anu aja a mizere yofiira ndi yakuda yopingasana, chifukwa china chimene munavala zosiyana sitinachipeze. Ngakhale pa ukwati wa achimwene jekete munaikana, mpaka azakhali anakunyanyalani.

Nsalu ya malayawo ogulitsa amaitcha macheke. Anthu a m'maofesi ankaitcha ya alimi, akutero atakwinya mphuno. Inu munkaitcha khola, ndipo dzinalo linafala moti makasitomala ankangofika n'kunena kuti akufuna khola la manja aatali. Munkatiuza kuti mizere yoimirirayo ndi mizati, yopingasayo ndi mitengo yomangira, ndipo wovala nsaluyi ali m'kati, satayika. N'chifukwa chake aliyense wa ife pochoka pakhomo, kaya kupita kusukulu yogonera komweko kaya kukasaka ntchito, ankanyamuka atavala khola, afune asafune. Ine ndinalira nalo diresi langa, ndimvekere ndikuoneka ngati tebulo la m'lesitilanti. Munaseka mpaka mapini anagwa pakamwa panu. Koma kunena zoona tonse tinabwerera, palibe anasochera.

Lamulo lanu linali limodzi: pamsoko mizere ikumane. Mzati ukaphonyana ndi unzake ndiye kuti khola lili ndi mpata, ndipo mbuzi imatulukira pomwepo. Achimwene, amene anatenga shopu ndi makina anu, mpaka lero mizere imawaphonya. Amayesetsa ndithu, koma dzanja lanu sanalitenge, anangotengera kukwiya kwanu kwa m'mawa.

Mutayamba kudwala munagula mpukutu womaliza n'kudulapo zovala ziwiri, malaya anu ndi diresi la Amayi, mukuti inu ndi iwo khola lanu ndi limodzi. Malaya munamaliza, ndi omwe tinakuvekani pokuikani m'manda. Diresi linatsala zidutswazidutswa. Tinakusekani nthawi imeneyo chifukwa munalidula laling'ono kwambiri, pomwe Amayi anali ndi thupi lawo, ndipo tinati matenda afika mpaka pa tepi yoyezera. Maliro atatha, Amayi anakulunga zidutswazo m'pepala n'kuziika m'kabati ya m'shopu, ndipo kiyi anandipatsa ine.

Chaka chitatha ndinatsegula kabatiyo kuti ndione ngati njenjete zalowa, ndipo ndinapeza mapewa atalumikizidwa. Ndinaloza chala achimwene. Iwo anatenga diresilo, analiyang'ana pa kuwala kwa pakhomo, kenako anakhala pansi. Mizere inakumana ndendende, ndipo ulusi wake unali wopakidwa phula la kandulo, monga munkachitira inu nokha. Chaka chotsatira tinapeza m'mbali mutasokedwa. Kenako manja, kenako kolala, kenako mabatani. Kiyi sanachokepo m'chikwama mwanga. Mayi wogulitsa masamba pafupi ndi shopu anatiuza kuti masana, achimwene akatseka kupita kukadya, amamva makina akulira m'katimo, pang'onopang'ono, ngati wosokayo sakufuna kusokoneza anthu. Anasamutsa benchi lake, pano amagulitsira tsidya lina la msewu.

Bambo, Amayi akutha. Madokotala apima zonse, sakupeza kanthu. Iwo sadandaula. Amangolawa chakudya n'kukankha mbale, kenako amakakhala pampando wanu m'shopu kuyang'ana kabati, akumwetulira ngati munthu amene akudikira basi yomwe akudziwa kuti ibwera. Mwezi watha ndinawayesa ndi tepi yanu kuti ndiwabwezere masiketi amene ayamba kuwavuka. Nditaona manambala ake, ndinakayesanso diresi lija. Chifuwa, chiuno, utali wa manja, zonse n'zofanana. Tepi sinakunamizeni ayi. Munayesa Amayi a lero, ife tikuseka. Chatsala ndi mpendero wokha, ndipo dzulo ndapeza mwaupinda kale n'kubaya mapini, mitu yonse italoza kumanzere.

Ndikuopa, Bambo, ndipo sindibisa. Tikudziwa kuti kukhala nokha simunazolowere, munthu amene ngakhale tiyi simunkamwa Amayi asanakhale pansi. Sitikukudani, timakusowani tsiku lililonse. Azakhali akaona malaya a khola pamsewu amatembenuka n'kupukuta maso. Achimwene amapakabe mafuta sizasi yanu ngakhale sadulira. Chitsirizira wanu, amene munamusiya ali pasukulu, pano akugwira ntchito, ndipo tsiku loyamba anapita atavala khola popanda womuuza. Koma Amayi ifenso tikuwafuna. Alamu ndi oyembekezera, masiku awo ayandikira, ndipo Amayi analonjeza kuti khandalo adzayamba kulisambitsa ndi iwo. Inu mwakhala nawo zaka zambiri. Mdzukulu wanuyo sanawaone n'komwe.

Zowotcha diresilo tinaganizako, koma Amayi ananena kuti wolikhudzitsa moto si mwana wawo. Ndiye mutikhululukire pa zimene tachita m'mawa uno, iwo asanadzuke. Tamasula msoko wa kumanzere, kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, ndipo ndausokanso ndekha, mokhotetsa dala. Mizati yaphonyana moti ngakhale wodutsa pamsewu angaone. Nditadula ulusi n'kuimirira, chopondera cha makina chinapitiriza kugwedezeka chokha kwa kanthawi, kenako chinaima. Masana Amayi amaliza mbale yawo yonse n'kufunsa ngati kwatsala kena.

Tikukudziwani, ntchito yokhota simuisiya. Mudzabwera kudzakonza. Mukakonza tidzamasulanso, mukasoka tidzamasulanso, mpaka Amayi atakalamba n'kutopa okha. Tsiku limenelo ndidzakusiyirani kabati yotsegula, ulusi ndi kandulo zili pamwamba, ndipo tidzawaveka diresi lanu mizere itakumana. Koma osati chaka chino, Bambo. Chonde, osati chaka chino.

Sitidzakuiwalani mpaka kalekale. Musavutike n'kubwera kudzatikumbutsa.