Mbale Imodzi ya Ana ndi Akulu

Achemwali anga,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kupita kumunda, kapena mukungolamula muli pakhonde monga mwa chizolowezi chanu? Nanga alamu, chifuwa chinawasiya? Ife kuno tili bwino, kupatula masitepe a nyumba yosanja ino amene akundidya mawondo. Akundilembera ndi mayi telala wa chipinda cha pansi, ndipo wandichenjeza kuti ndisayambire kutali. Ndamuuza kuti angosongola pensulo yake.

Nkhani ya mkamwini wathu, bambo a mapasa, mukuidziwa. Munthu wofatsa, wowotcherera zitsulo mpaka maso psuu, koma mowa ukamulowa amasanduka wina. Mukukumbukira kuti pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka chatha anagwa pamasitepe atanyamula mmodzi wa mapasa. Mwayi wake mwana anangosupuka chigongono. Tsiku lomwelo mwana wathu, make mapasa, anamuuza kuti akadzalawanso, iye adzatenga ana ake n'kumapita. Sikunali kuopseza ayi. Analongeza chikwama n'kuchiika pamwamba pa kabati ya zovala, ndipo chakhala pamenepo chaka chonse. Bamboyo anasiyadi, osalawa ngakhale dontho.

Koma tchuthi chitayandikiranso, m'nyumba munangoti zii. Abale a bamboyo amasonkhana kuno chaka chilichonse, akulu pabalaza ndi mabotolo awo, ana kukhitchini ndi zotsekemera zawo. Tsono munthu wosiya mowa akhale mbali iti? Akakhala ndi akulu amuthirira. Akatenga chakumwa cha ana, mkulu wake uja timamutcha Wayilesi, chifukwa satseka pakamwa, amuseka mpaka chaka chinacho.

Make mapasa anati zimenezo timusiyire iye. Akuti kuhotela kumene amatsuka matambula anaonera wophika wamkulu akukonza chakumwa china. Tsono nayenso anawiritsa tiyi wakuda bii, n'kuponyamo jinja wosinja ndi timakungwa tonunkhira totchedwa sinamoni. Atazizira anamusefa pakansalu koyera. Ine ndinapatsidwa malalanje ndi chinanazi, kufinya mpaka zala kunyerenyesa. Ndinamuuza kuti mwana iwe, uyu ndi tiyi wozizira basi, alendo atinyoza. Anangoseka, amvekere amayi dikirani.

Tsono achemwali, khalani bwino pampandopo. Anatenga chitini chophikira keke, chija chili ndi bowo pakati, n'kuyalamo timagawo ta malalanje, mphesa ndi timasamba tobiriwira. Anathira madzi pang'ono chabe n'kuika mufiriji. Atauma gwa, anayalanso zipatso zina n'kuthiranso madzi, kubwerezabwereza choncho. Akuti ukathira onse nthawi imodzi, zipatso zimayandama n'kuunjikana mbali imodzi. Madziwo anayamba wawawiritsa, akuti ndiye amaundana oyera mbee osachita chifunga. Ine ndakalamba ndikudziwa kuti madzi timawiritsa kuti atenthe. Kuwiritsa kuti aundane bwino ndamvera kuno!

M'mawa wa tsikulo anagadabuza chitinicho pambale. Achemwali, ndinagwira pakamwa. Panatuluka nkhata yagalasi, zipatso zili lende m'kati mwake popanda chozigwira, mphesa iliyonse pamalo pake, tsamba lililonse lotambasuka ngati langothotholedwa kumene. Ndinaizungulira, ndinaisuzumira pansi, ndinaikhudza ndi chala kuti ndione ngati ndi yoona. Ine amene ndimati palibe chatsala choti chindidabwitse.

Alendo atafika anapeza mbale yagalasi yaikulu ngati beseni ili patebulo la pabalaza. Makapu apulasitiki a ana make mapasa anawabisa. Panali matambula okhaokha ofanana, a mwana ndi a wamkulu osasiyana. Anathira tiyi uja, wakuda monga ndanena. Atafinyiramo mandimu, ine ndikuona ndi maso angawa, mdima uja unayamba kuyera mpaka kufiirira ngati kunja kukucha. Anathira madzi a zipatso, n'kutsitsiramo nkhata ija pang'onopang'ono. Pomaliza anatsegula madzi a soda. Zinangoti waaa, timathovu tikukwera m'mbali mwa nkhata ngati tamoyo, fungo la jinja n'kudzaza nyumba. Ngakhale ana anasiya phokoso.

Apo ndi pamene Wayilesi analowa, botolo lili m'khwapa. Anayang'ana mbale ija n'kufunsa ngati taitanidwa kusukulu ya mkaka. Akuti chakumwa n'chokongola, eya, koma chilibe msana, tiyeni atikonzere. Anatsegula botolo n'kulunjika patebulo. Ndinaona mkamwini akumeza malovu. Ndinaona mwana wathu akuponya maso kuchitseko cha kuchipinda, kumene kuli chikwama chija. Nanga ndani angagwire dzanja la mkulu wa mwininyumba pamaso pa anthu?

Koma mapasa anali ataima kale pambalepo, matambula m'manja. Kamkazi kaja, kamene kanasupuka chigongono, kanauza bambo ake aakulu kuti athire msanga zawozo, iwo akudikira, ludzu lawapha. Wayilesi anaima, botolo litapendekeka. Anafunsa kuti kodi cha ana chili kuti. Make mapasa anayankha mwaulemu wonse, manja pamodzi, kuti alamu, mbale ndi yomweyi, ina kulibe.

Achemwali, munthu uja anazima. Anayang'ana ana, anayang'ana mbale, anayang'ana mng'ono wake. Kenako anatseka botolo, amvekere mowa wake ndi wapamwamba, sangauwonongere mu tiyi. Analilowetsa m'thumba la jekete n'kupempha tambula. Atangoti kwiti, jinja anamugwira pakhosi, anatsokomola misozi mbwee, akufunsa kuti waika moto muno ndani. Ana anagubuduka ndi kuseka. Kamwamuna kanamuuza kuti ngati chamukulira amupatse madzi. Koma Wayilesi anabwereza tambula ina, n'kubwerezanso. Nkhata itayamba kusungunuka ndi kumasula zipatso zake, ndinamupeza akulimbirana mphesa ndi ana, akuti wamkulu ndiye amayamba.

Amene anagwira supuni yotungira masana onse ndi mkamwini. Aliyense wofuna, mwana kaya wamkulu, ankapita kwa iye, ndipo tambula yake inali yofanana ndi ya wina aliyense. Palibe anamufunsa kuti bwanji sukumwa, popeza ankamwa. Botolo lija Wayilesi anabwerera nalo kwawo, zimene anakachita nalo ndi zake. Titaperekeza alendo, bambo a mapasa anakwera masitepe onse aja atanyamula ana ake awiri, wina uku wina uku, mwendo osagwedera. Kutacha ndinapeza chikwama chija chatsitsidwa, zovala za ana zabwerera m'kabati.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Alamu, amuna anu, amakonda kutumizira mkamwini botolo pakapezeka wobwera kuno, ndipo ndikudziwa kuti ndi ulemu. Muwauze mofatsa, pamene adya akhuta, kuti botolo lisabwerenso. M'malo mwake mutitumizire mandimu a mtengo uja wa kuseri kwa nyumba ya malemu amayi. Ogula kuno ndi khungu lokhalokha. Mkamwini wanena kuti chaka chamawa nkhata adzaumba yekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, osaiwala azakhali ngati makutu akumvabe. Mapasa akuti agogo aakulu abwere adzaone madzi ogwira zipatso. Telala akuti dzanja lafa.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Agogo a mapasa