Manda a Agogo m'Nkhalango ya Dzalanyama

Kwa Mpingu,
Lilongwe.
9 Okutobala 1956

Okondedwa achimwene a Yonasi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu kumgodi wa malasha ku Wankeko, ndi kuti chifuwa chija chinakusiyani. Nanga alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tilipo, kungoti maso a amayi akunka nachita chifunga. Tsopano munthu amamuzindikira ndi mawu basi.

Ndikufuna ndikuuzeni za ulendo wathu wa ku Dzalanyama. Mukudziwa kuti amayi anabadwira m'nkhalango muja, boma lisanasamutse midzi kuti mitengo ndi nyama zisungike, ndipo mayi wawo, agogo a Febe, anaikidwa momwemo. Chaka chonsechi akhala akundichonderera kuti akaone mandawo maso asanatsekeretu.

Mwezi wathawu, ana anga a sukulu ali patchuthi, ndinapempha chilolezo, ndipo amalume a Petro anatiperekeza pangolo mpaka m'malire. Tinalandiridwa ndi mlonda wa nkhalango, a Bizwell, munthu wanthabwala. Anatiuza kuti lamulo likuletsa nkhwangwa, msampha ndi moto, koma pa za nkhalamba lili chete. Amayi anayankha kuti iwo anatunga madzi m'menemo iye asanamere mano, choncho asawaphunzitse njira.

Achimwene, m'menemo ndi mokongola. Mitengo inali itaphuka masamba ofiira, anyani akutukwanizana m'matanthwe. Tinapeza mphalapala zisanu ndi ziwiri zikudya msipu, ndipo zinangotiyang'ana osathawa. Ndinawafotokozera amayi nyanga zake, iwo nati agogo ankadana ndi nyama zowadyera m'munda, lero ndizo anansi awo.

Mtsinje wa kwawo amayi anaudziwa ndi makutu. Bwinja la mudzi analidziwa ndi phazi, atapunthwa pamphero yakale. Anakhala pamenepo nandiuza kuti ndiwoloke, manda ali pamene pali msitu, sindingasochere.

Apa mpamene panavuta. Kwathu kuno manda timawaonera patali chifukwa ponseponse ndi minda, ndipo pamanda pokha mpomwe nkhwangwa siifika. Koma m'nkhalango yomwe nkhwangwa inaletsedwa zaka zoposa makumi atatu, ponseponse ndi msitu. Mitumbira inasalazidwa ndi mvula ndi nguluwe. Ndinafunafuna ngakhale phale la mbiya, osalipeza.

Dzuwa linapendeka. A Bizwell anandinong'oneza kuti aona mapazi a nyalugwe pamchenga, tiyenera kutuluka kusanade. Uku amayi akuitana kutsidya, kufunsa ngati ndapapeza.

Ndinanama, achimwene. Ndinawagwira dzanja, ndinawawolotsa, ndinawaimika patsinde pa muwanga wina waukulu, n'kunena kuti ndi pano.

Anagwada. Anasesa masamba ndi manja, nayamba kuwauza agogo maina athu tonse, inu, ine, ana anu mmodzimmodzi, ngakhale mapasa aja anamwalira. Anapepesa kuti anachedwa kubwera. A Bizwell anavula chisoti, maso ali pa ine.

Chibwerere amayi asintha. Akudya bwino, akuseka, ayambanso kuimba ku Chigwirizano. Ine ndiye mtima suli m'malo. Tsiku lililonse ndimaphunzitsa ana a eni kuti bodza ndi tchimo, ndipo Sabata la Mgonero lapitali ndinakhala kumbuyo, osayandikira gome. Abusa atandifunsa ndinangoti mutu.

Tsono chimene ndalembera ndi ichi. Amayi akuti mukabwera pa Khrisimasi, inu mwinimbumba mukalambule mandawo monga mwa mwambo, iwo ali pomwepo. Khasu lanu likakalowa pansi mudzaona nokha kuti sipanagonepo munthu, ndipo sindikufuna mukadzidzimuke pamaso pawo.

Chonde pemphani kwa azungu anu masiku owonjezera, mufike msanga. Tikalowe awiri m'nkhalango tikafunefune bwinobwino. A Bizwell avomera kutiperekeza. Tikawapeza manda enieni, ndidzagwada kwa amayi n'kuulula ndekha, ndipo tidzawatengera kumeneko. Koma tikalephera, mundiuze inu wamkulu chochita: tiwalande mayi wawo kachiwiri, kapena mulambule pamuwanga paja, bodzali tisenze awiri? Pandekha landilemera.

Amayi ali pakhonde pano akusenda mtedza. Akuti ndiwawerengere kalatayi ndisanamate, amve ngati ndafotokoza bwino za ulendo. Ndiwawerengera mpaka pa mphalapala.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa onse akwathu amene muli nawo kumgodiko. Ambuye akusungeni pansi pa nthaka pomwe mukugwira ntchitopo, ndipo akubwezereni kwathu amoyo. Yankho lanu mulembe pa adiresi ya kusukulu, osati ya kumudzi.

Ndine mlongo wanu,
Rebecca