Phala Pansi pa Khoma Lathu

Wokondedwa msuweni Roelf,

Imirira powerenga, wakulembera ndi Wubbo, Mkulu wa Khoma Lotchinga Madzi, wodzisankha yekha. Moni kwa onse ku Canadako.

Kuno ku Groningen mainjiniya akubaya nthaka ndi chitsulo chachitali. Akuti pansi pa khoma ndi phala lokhalokha, chivomezi chikabweranso madzi atipeza pabedi. Amabwera kwanga tsiku lililonse kudzamwa khofi, m'nyumba chiphokoso. Mmodzi anati, "Bambo Wubbo, khomali tilikuza mpaka pa maluwa amene anabzala malemu akazi anu." Ndinati, "Mwana iwe, kamuuze wekha Aaltje kumandako, ine ndimamuopabe!"

Za nyumbayi ngati itsala, tidzakamba tsiku lina.

Ndine msuweni wako,
Wubbo

Za khofizo ndanama. Makapu ndimatulutsadi awiri, koma iwo amangodutsa pamsewu.