Nkhunda za Ababa

Mbulumbuzi,
Chiradzulu.
14 Ogasiti 1979

Okondedwa achimwene a Halidi,

Ndikhulupirira muli bwino ku esiteti ya fodyako pamodzi ndi alamu. Kuno mtendere kulibe, ndipo sindikubisirani kanthu.

Mukudziwa kuti ababa akhala akubayidwa jakisoni wa chifuwa chachikulu mpaka matako kuuma, koma kutsokomola osaleka. Mwezi watha ine ndi mng'ono wanu Lajabu tinapita nawo kuchipatala ku Blantyre. Adokotala anawajambula m'chifuwa, anayeza makhololo, n'kunena kuti si chifuwa chachikulu ayi. Akuti mapapo achita zipsera, auma ngati chikumba, n'chifukwa chake mpweya sukukwana. Anawafunsa ngati anagwirapo kumigodi kapena kophwanya miyala ku Njuli, ngatinso amaweta nkhunda. Pomaliza anati choyambitsa sichidziwika ndipo mankhwala ochiza palibe, n'kutipatsa timapiritsi tongochepetsa kubanika.

Lajabu mumamudziwa, matenda opanda mwini sangawavomere. Titangotsika basi anatola mpini wa khasu n'kulunjika kukhola la nkhunda za ababa. Analigwetsa lonse n'kuyamba kuphwanya. Zina ankazipotokola makosi, maunda ankawaponda ndi chidendene, bwalo lonse magazi ndi nthenga. Palibe n'imodzi yomwe imene anaichinja mwa Chisilamu, moti zonse zinasanduka haramu, tinangokazikwirira kudzala.

Ababa, munthu amene masiku ano amalephera kufika kumzikiti, anatuluka chokwawa. Anaimirira atagwira nsanamira, n'kumukwapula ndi ndodo kumaso mpaka chikope kung'ambika. Lajabu anawakankha. Achimwene, anakankha bambo ake omubereka, iwo n'kugwa chagada, milomo bii, kukamwa yasa, mpweya osalowa. Ine ndinatola munsi n'kumusasantha nawo paphewa. Mkono sakuukwezabe, ndipo chisoni ndilibe.

Mpweya utabwerera, ababa anayankhula modukizadukiza: "Iwe Lajabu, nkhundazi zinakulakwira chiyani? Tsiku langa likafika usadzandikhudze. Kundisambitsa ayi, jeneza lonyamulira mtembo wanga usadzagwire."

Iye ali magazi chuchuchu anangoti, "Ndimafuna mupume, ababa."

Ashehe anabwera kudzamupepesera, amalume nawonso, koma ababa mawu awo sakubweza. Amangokhala pakhonde n'kumayang'ana pamene panali khola. Ine mtima ukundiwawa, chifukwa chitsirucho chimawakonda kuposa tonsefe.

Tsono mwana wamwamuna wotsala ndinu, poti ine mkazi sindingawasambitse. Pemphani tchuthi kwa abwana anu, musadikire kuti fodya athe kugulitsidwa. Ababa tsopano ngakhale kuvala malaya akuchita kupumira.

Amayi akupereka moni kwa inu, alamu ndi ana. Ababa anayesa kupereka wawo, koma mpweya unawathera pa dzina lanu. Lajabu akuti ndikuuzeni kuti tsikulo madzi osambitsira ababa adzatunga ndi iyeyo, n'kukusiyirani panja pakhomo.

Ine mlongo wanu,
Jamila