A Halimoni Anaima Pakati pa Msewu

Lamlungu, 2 koloko masana, m'kachipinda kanga kuseri kwa khichini, Oud Metha, Dubai.

Amayi, kodi kumeneko mwaswera bwanji? Ine kuno ndili bwino tsopano. Ndikuti tsopano chifukwa sabata yathayi chikwama ndinali nditalongedza kale, nsapato za kutchalitchi nditazikulunga m'chitenje. Koma ndiyambe ndi zakumudzi, poti inu simunkafuna munthu wofika n'kuyamba ndi madandaulo asanapereke moni.

Mdzukulu wanu Tiyamike wachira, mwana wamkazi, wachitatu. Tamutcha Elube, dzina lanu. Ndamuona pa foni: salira ameneyo, amakalipa, ndiye dzina lapeza mwini wake. Mtedza kumunda wakumtunda uja unachita bwino, koma chimanga chinapsa ndi ng'amba chikumasula. Nyumba yanu tinakhoma malata. Mbuzi za a Zuze, oyandikana nafe aja, zikugonabe pakhonde panu ngati zimalipira lendi, ndipo a Zuzewo zaka zinayi chiyikireni maliro anu sanamvebe zoti azizimangirira.

Tsono za kuno. Ndikugwirabe kwa anthu omwe aja: bwana Hani a ku Korea, ndi madamu awo a ku Taiwan. Maiko awo ndi oyandikana, pakati pali nyanja chabe. Ntchito yanga ndi yosamala mayi awo a bwana, amene timawatchula a Halimoni, ndiye kuti agogo m'chinenero chawo. Mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Ine ndi iwo sitimvana chinenero, timangolankhulana ndi manja ndi maso.

Titasamuka ku Al Nahda kubwera kuno, kunja kutayamba kuzizirira, adokotala anati agogowa aziyendako madzulo. Lolemba ndinawatenga dzuwa likulowa. Tili pakati penipeni pa msewu, pamizere yowolokera, mkuzamawu wa pamzikiti unayamba kuitanira anthu ku swala. Amayi, agogo aja anangoti nji! Miyendo pamodzi, dzanja pachifuwa, khosi gwa. Getsi linasintha. Magalimoto popopo! Wa takisi anatulutsa mutu: "Yala! Yala, mama!" Ine kukankha, osasuntha. Kamunthu kouma ngati chiputu, koma kulemera ngati thumba la feteleza. Basi inali ikubwera. Ndinawagwira mkono ndi manja awiri n'kuwakhwekhwereza mpaka m'mbali.

Khungu la okalamba mukulidziwa. Kutacha mkono wonse unali bii, zala zanga zisanu zikuwerengeka.

Madamu ataona, nkhope inasintha. Ndinafotokoza ndi Chingerezi changa cha m'khichini, koma iwo amvekere: "Esinati, mayi saima pamsewu. Chiyambire sanaimepo. Khalasi, zatha basi. Bwana akabwera Lachinayi tikubwezera ku ejensi imene inakubweretsa." Bwana anali kuchipululu kumene akumanga mapaipi.

Kubwezedwa kokha si kanthu, Amayi. Koma kubwezedwa ndi mbiri yoti umamenya nkhalamba, kuno imeneyo ndi nkhani ya polisi, ndipo palibe nyumba ina ingakulandire. Ndinaimbira mnzanga wa kutchalitchi, amake Dalitso wa ku Chipata, kuti andilimbitse mtima. Iye amvekere: "Iwe Esinati, uzayenda ku jele na kamwa yako yonse iyo!" Anzathu ena ndi otero, ukawapempha madzi amakupatsa mchere.

Lachiwiri lonse ndinkangoona kaimidwe kaja m'maso mwanga. Poyamba ndinkati kapena agogowa akupemphera. Koma wopemphera nkhope imafewa. Awa ayi. Mutu unali kutsogolo, koma maso ankaba m'mbali, uku ndi uku, kuona ngati pali amene akuwayang'ana. Ndili mkati motsuka mbale ndinangoti, ha! Kaimidwe aka ndikukadziwa. Ndi kanu, Amayi. Ndi kanga.

Mukukumbuka pamsika paja nthawi ya chipani chimodzi, nyimbo ya fuko ikayamba akuluakulu akudutsa? Munkandifinya dzanja n'kunena chapansipansi: "Ima nji, maso kutsogolo, zokamba tikakambira kumunda." Ndipo mukukumbuka tsiku limene achimwene Yohane anapitiriza kumata tayala la njinga ali chikhalire, ati guluu angaume. Anyamata a malaya ofiira anawakweza m'galimoto chubu chili m'manja. Sitinawaonenso. Inu munati dzina lawo lisamveke m'nyumba, makoma ndi opyapyala, ndipo munapita kumanda musanalitchulenso.

Lachitatu ndinayesa. M'nyumba muno mazenera amakhala otseka chifukwa cha makina ozizira, za kunja sizimveka, ndipo nthawi imeneyo mabwana amakhala ali kuntchito. Dzuwa likulowa ndinatsekula chitseko cha pakhonde. Mkuzamawu utangoyamba, agogo anasiya tiyi, anadzuka okha popanda ndodo, nji! Ine ndinakaima pambali pawo, dzanja pachifuwa. Anandiba ndi diso. Zitatha anapuma mozama, anandisisita pamsana ngati akuti wachita bwino mwana iwe, lero tapulumuka.

Lachinayi bwana anafika masana, fumbi lili m'makutu. Madamu anali atayala kale mapepala anga patebulo. Ine ndinati: "Bwana, pasipoti yanga ndi iyo, sindikukana. Koma ndege siithawa. Khalani pampando apo mpaka dzuwa lilowe, inu ndi madamu, ndipo mafoni muike pansi." Madamu anati, "Ukutilamula?" Ndinati, "Eya, lero lokha." Paja munkati kamwa yangayi idzandigoneka kundende. Ulendo uno ndi imene yanditulutsako.

Nthawi itakwana ndinatsekula chitseko chija. Agogo nji! Bwana anayang'ana mayi awo, kenaka ndinangoona bambo wamkulu wa imvi, womanga mapaipi, akugwira pakamwa misozi ili chuchuchu.

Atatonthola anatifotokozera, mawu ena madamu akundiphwanyira. Akuti nkhondo itatha kwawoko kunali phulusa lokhalokha, anthu ankadya makungwa a mitengo. Kenaka asilikali analanda boma n'kunena kuti aliyense agwire ntchito, pakamwa atseke. Agogowa analowa fakitale ya mawigi ali ndi zaka khumi ndi zisanu, kusoka tsitsi limodzilimodzi kuyambira mbandakucha, tsitsi lakenso logula kwa azimayi osauka akumidzi. Ndiye madzulo alionse mkuzamawu unkaimba nyimbo ya fuko potsitsa mbendera, ndipo munthu aliyense, kaya ali pamsewu kaya pati, ankayenera kuima dzanja pachifuwa. Tsiku lina agogowa sanaime, ankathamangira kuchipatala bwanayu ali khanda kumbuyo thupi likutentha. Wapolisi anawaomba mbama pagulu, n'kuwaimika mpaka nyimbo ithe. Tsopano mutu wataya mayina a adzukulu, wataya ndi dzina la mwamuna wawo, koma mbama ija wasunga.

Madamu anati kwawonso zinali zomwezo. Ngakhale kukaonera kanema unkayamba waima kaye. Mayi awo ankalumikiza maambulera pabalaza, nyumba iliyonse inali kafakitale. Amalume awo, aphunzitsi, anatengedwa chifukwa cha mabuku amene ankawerenga, anabwerako tsitsi lili mbuu, osalankhulanso. Bwana anati apolisi akwawo ankayenda ndi lula kuyeza masiketi a atsikana, ndi sizasi yometera anyamata a tsitsi lalitali. Apo ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ndinati: "Bwana, kodi apolisi anuwo anaphunzira sukulu imodzi ndi akwathu?"

Kenaka awiriwo anayamba kukangana, ine ndi mapepala anga atatiiwala. Bwana akuti zinali zowawa, komabe popanda dzanja lolimba lija bwenzi dziko lawo likupemphabe ufa, lero akupanga sitima zapamadzi, magalimoto ndi mafoni. Madamu akuti ayi, asilikali sanasokepo wigi ngakhale imodzi, chuma chinatuluka m'zala za azimayi. Bwana anatembenukira kwa ine: "Esinati, iwe ukuti bwanji?"

Ndinati: "Bwana, ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, za mafakitale sindizidziwa. Koma kuima tinaima nafenso. Kuvina tinavina mpaka zidendene kung'aluka. Khadi la chipani tinkagula ndi la mwana wa m'mimba lomwe. Chikoti chikadakhala kuti chimabala chuma, bwenzi foni yanuyo italembedwa kuti yapangidwa ku Mchinji."

Bwana anayang'ana foni yawo. Madamu ndi amene anaseka, kenaka analira, kenaka anasonkhanitsa mapepala aja n'kukawabwezera m'kabati. Anabwera kudzandigwira manja onse awiri, anati, "Pepani, Anti. Munawapulumutsa mayi." Taonani, kuchoka pa Esinati kufika pa Anti tsiku limodzi! Ndinati zikomo, koma tsiku lina muzifunsa kaye musanatulutse khalasi wanuyo.

Pena ndimaganiza, Amayi. Iwo anaopa n'kulemera, ife tinaopa n'kukhalabe ndi khasu lomwe lija. Poyamba zinkandiwawa. Koma ndikawaona agogowa, m'nyumba ya magalasi, firiji yodzaza, akunjenjemera ndi wapolisi amene anafa kalekale, nsanje imandithera. Zimene analipira n'zambiri.

Tsopano timayenda bwinobwino. Mlonda wa pageti amandiuza nthawi ya swala, ndiye ikamayandikira sitiwoloka msewu. Timaima pansi pa mtengo wa kanjedza pafupi ndi sitolo ya mankhwala, nkhalamba ya ku Korea ndi gogo wa ku Mchinji, manja pachifuwa, anthu akutidabwa. Dzulo ndinayesa china. Mkuzamawu uli pakati ndinakhala pabenchi, n'kuwakoka pang'ono chovala. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Palibe anabwera. Anakhala, Amayi. Matako theka lokha, dzanja likadali pachifuwa, koma anakhala. Ndipo wigi yanga ya kutchalitchi ija agogowa aisokanso mwakuti amake Dalitso akuti ndagula yatsopano. Zala sizinaiwale.

Chikwama ndamasula. Ndibwera pa tchuthi mu Disembala, Mulungu akalola, ndipo ndikukulonjezani ichi: pambali pa chiliza chanu ndidzaika mwala wina, ngakhale pansi pake palibe munthu, ndipo ndidzalembetsa dzina lonse ndi zilembo zikuluzikulu, YOHANE, kuti aliyense wodutsa aziliwerenga mokweza. Musandikalipire. Makoma masiku ano alibe ntchito nafe.

Ndimakukondani ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu wapakamwa uja,
Esinati

Mukatha kuwerenga musaipinde n'kuibisa m'Baibulo monga mwa chizolowezi chanu. Muwapatsire achimwene Yohane, poti ndikhulupirira munawapeza kumeneko. Muwauze kuti amate tayala lawo ali chikhalire, palibe akubwera.