Mpando wa Kumbuyo kwa a Tifika

Lachitatu, 12 Juni
Ku ofesi, nthawi ya nkhomaliro

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti ine mtima suli m'malo. Musadabwe kuona kalata ya pamanja. Pa foni mumandidula mawu ndisanafike pakati, komanso Amayi amakhala chapafupi, akunamizira kupukuta tebulo. Ndikamaliza ndijambula mapepalawa n'kukutumizirani, ndipo chonde muwerenge mpaka kumapeto musanaimbe.

Mukudziwa kuti ine kuzungulira sindikutha, ndiye pempho langa ndi ili: tikiti ya Amayi musagule kaye.

Ndikukuonani mukuseka. Ndine amene ndakhala ndikukuvutitsani chaka chonse kuti muwatenge akakhale nanu kumeneko. Ndinkati nyumba yawakulira chimwalirireni Bambo, ndinkati adzukulu akuwafuna. Zonsezo n'zoona, koma chifukwa chachikulu mumachidziwa ngakhale simunachitchulepo: ndikufuna kuchoka. Ntchito ija ya ku likulu, ku ofesi yokonza za mayendedwe, akundisungira mpaka kutha kwa mwezi wamawa, ndipo sindingawasiye Amayi okha ndi wailesi. Sindinaphunzire zonse zija kuti ndikalambire pa desiki ino, pansi pa fani yosazungulira.

Za kuno ku kampani ya mabasi a chigawo chathu ndinakuuzaniko. Mukafika pa depoti m'mawa mutha kulira. Anthu amaima pamzere kusanache, koma basi imanyamuka ikadzaza, osati nthawi ikakwana. Ana asukulu amaponya zikwama pawindo kuti agwire malo. Pali namwino wina amene ndimamuona tsiku lililonse akuyang'ana wotchi, milomo ikuyenda, kaya akupemphera kaya akutitukwana. Ndikadandaula, abwana anga amati, "Mtima pansi, mtsikana, mabasi awa anayamba kuyenda iwe usanabadwe." Ine ndimati, "N'chifukwa chake atopa, abwana."

Ndiye ndinalemba dongosolo latsopano. Mabasi akuluakulu aziyenda mumsewu waukulu wokha, azinyamuka pa nthawi yolembedwa, adzaze asadzaze. Timabasi ting'onoting'ono tizitolera anthu m'makwalala n'kuwatula pamsewupo. Kuti mabasi ndi madalaivala akwanire, panafunika kutseka njira imodzi, ndipo ndinasankha imene anthu amaitcha Mzungulire. Imeneyi imadzera kumacheka, n'kukwera kuchipatala chaching'ono chija, n'kukatulukira kuseri kwa mauvuni a njerwa, ndipo imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ulendo woti munthu wapanjinga wafika kale, iyo imatha nawo theka la m'mawa. Dalaivala wake ndi bambo wachikulire amene aliyense amamutcha a Tifika, chifukwa ukawadandaulira kuti ukuchedwa, yankho lawo ndi lomwelo. Pa mapu amene ndinapachika kuchipinda kwanga, njirayi ndinaidula ndi cholembera chofiira kalekale.

Sabata yatha abwana anati, "Usanaiphe, kaikwereko kamodzi, akuluakulu angadzakufunse." Lachisanu ndinapita, khadi la kuntchito lili pakhosi.

Ndinapeza basi ili pafupi kudzaza, ena ataimirira, koma mpando wa kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala uli wopanda munthu. Unali wopukutidwa bwino, pali ndi kakhushoni. Ndinakhalapo. Phokoso lonse linangoti zii.

Mayi wina wonyamula mathireyi a mazira anandikodola paphewa. "Achemwali, pamenepo pali eni ake."

"Ali kuti?"

"Akwera kutsogoloku."

Achimwene, mumandidziwa. Ndinatembenuka n'kuyamba kuwaphunzitsa. Ndinati basi ndi ya aliyense, mpando ndi wa amene wayamba kufika, ndipo zizolowezi zoterezi ndi zimene zikutibweza m'mbuyo. Ndinakwezanso kakhadi kanga kuti akaone. Kondakitala anati, "Asiyeni, mayi, ndi a ku ofesi awa. Mpando auyeza kaye ngati uli bwino." Anthu anaseka chapansipansi. A Tifika anandiyang'ana pagalasi lawo lija nthawi yaitali, ngati munthu amene akukumbukira kumene anaiona nkhope, kenako analiza injini.

Titafika kumacheka basi inaima popanda wokweza dzanja. Kondakitala anatsegula chitseko n'kulengeza kuti, "Alamu akwera." Basi yonse inayamba kupereka moni: mwadzuka bwanji alamu, mwachedwatu lero alamu. Ine ndinali ndikuyang'ana pa foni. Ndinayamba kuona nsapato, kenako diresi yabuluu ija imene anatiuza kuti inawathina, kenako fulasiki yathu ya tiyi, ija ya chivundikiro chong'aluka.

Anali Amayi.

Paja ndinakuuzani kuti masiku ano amapita kawirikawiri kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, inu n'kuda nkhawa mpaka kuwatumizira kamakina koyezera. Siteji ya pafupi ndi kwathu amaisiya, n'kuyenda wapansi mpaka kumacheka kuti aneba asawaone.

Anandiona. Dzanja lawo linali litagwira kale chitsulo cha mpandowo. Analichotsa pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Zikomo achemwali, ndidutse nawo." Achemwali, ine amene anandibereka. Anapita kumbuyo kwenikweni, nakakhala pakati pa thumba la anyezi ndi bambo wina wonyamula batire ya galimoto.

Mayi wa mazira uja anandiweramira kukhutu. "Mwaona zimene mwachita? Mpando uwu unali wa akazi awo a Tifika. Atamwalira tinapangana tokha kuti pasakhale munthu, basi idzaze bwanji. Zaka zonsezi tinkangoikapo katundu. Chaka chino wapezanso mwini, ndipo bamboyu wayambanso kumeta ndevu. Ndiye inu mwabwera ndi khadi lanu." Anandiyang'anitsitsa, n'kuyang'ana kumbuyo kumene kunali Amayi, n'kundiyang'ananso. Anangogwira pakamwa.

Kuimirira ndinalephera, kukhala kunkandiwotcha. Pachipatala Amayi sanatsike. A Tifika, amene akuti sanalakwitsepo giya chiyambireni ntchito, injini inawazimira pachitunda. Ine ndinatsikira ku mauvuni a njerwa n'kubwerera wapansi, fumbi mpaka m'mawondo.

Madzulo ndinawapeza akusita bulauzi yanga yoyera, yoti ndidzavale Lolemba pokaonekera kwa akuluakulu a kampani. Ndikanakhala mwana wabwino ndikanakhala chete. Koma ndinati, "Magazi akuthamanga bwanji, Amayi?"

"Akuthamanga ngati mwana wanga," anatero osadzutsa mutu.

Kenako anati, "Timangocheza. Tikafika kumapeto kwa njira ndimawathirira tiyi, iwo amandiuza za kabichi wa kudimba kwawo. Palibe china choti ukawauze achimwene ako."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze uli pati? Umadya choimirira." Anatembenuza bulauzi ija. "Mapu ako ndimawaona ndikamasesa kuchipinda kwako. Mzere wofiira uja ndinauona tsiku lomwe unaulemba."

Achimwene, miyezi yonseyi akhala akudziwa kuti ndikupha basi yawo, koma akundidzutsa m'mawa, kundisitira, kundiuza kuti ndilankhule molimba mtima kwa abwana. Ndinati mwina ndingathe kusinthako zina. Anaimika simbi n'kunena kuti, "Usayerekeze. Anthu akuchedwa kuntchito, ndimawaona. Itseke. Uwauze achimwene ako agule tikiti ija, ndazengereza mokwanira." Loweruka anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu.

Lolemba akuluakulu anavomereza dongosolo langa lonse. Mmodzi mpaka anandigwira chanza ndi manja awiri. Mzungulire utha kumapeto kwa mwezi uno. Taonani, zonse zimene ndinkafuna zinabwera tsiku limodzi: mabasi oyenda pa nthawi, Amayi kupita kwa inu, ine kupita ku likulu. Ndimayenera kuvina. M'malo mwake ndinangozungulira m'kholido ngati nkhuku yofuna poikira. Ndili momwemo ndinamva kwa a kalaliki kuti a Tifika apatsidwa mwayi wosankha, kupuma pantchito kapena kusamukira ku depoti ya kutali kumalire a chigawo, ndipo ayankhe pofika Lolemba likubwerali. Akuti iwo anena kale kuti asamuka, poti munthu wopanda womudikira pakhomo alibe chopumira.

Dzulo ndinawalondola ku depoti. Ndinawapeza akupukuta galasi la kutsogolo ndi nyuzipepala yonyowa.

"Bambo, basi ija sindiibweza," ndinayamba choncho, moni ndinaiwala.

"Mwaswera bwanji, mwana wanga," anatero. "Sindinakupempheni kuti muibweze."

"Ndaswera bwino. Nanga Amayi?"

Anapukuta malo amodzimodzi kwa kanthawi. "Amayi anu ali ndi ana ophunzira, wina ali kunja. Ine ndili ndi laisensi ndi kabichi."

"Kabichiyo ndamumva mbiri yake. Bambo, nyumba yathu ili ndi khomo. Mukufuna muzionana pampando wa basi mpaka liti?"

"Njira yanga sidutsa kumeneko."

"Njira ndimalemba ndine," ndinatero.

Anaseka mpaka kukhosomola, kondakitala uja n'kusuzumira pawindo kuti aone chachitika n'chiyani. Atatha kuseka anapinda nyuzipepala ija bwinobwino, nkhope itasintha. Anati, "Mumathamanga ngati mmene amanenera mayi anu. Tamverani. M'nyumba ya malemu bambo anu sindingalowe mwana wawo wamkulu asakudziwa. Ndibwera Lamlungu masana, ndidzaima panja. Akati ndilowe, ndidzalowa, ndipo Lolemba ndidzauza ofesi kuti ndikupuma. Akati ayi, ndidzapita kumalire kuja popanda mawu, ndipo mayi anu asadzamve kuti mwana wawo anakana. Mudzangoti mkulu uja anasamutsidwa."

Ndiye nkhani yafika kwa inu, Achimwene.

Ndikudziwa chimene chikukuwawani pamene mwafika pa mzere uno, chifukwa nanenso chinandiwawa. Inu ndi amene munawanyamula Bambo kupita nawo kuchipatala ulendo womaliza uja, ndipo mpando wawo wa pabalaza munaletsa kuti usasunthidwe. Palibe amene akuusuntha. Koma ine ndimakhala m'nyumbamu, inu mumangoiona pa foni. Ndinawaona Amayi akudya okha moyang'ana khoma. Chaka chino ndinawamva akuimba posamba, ine n'kumati ndi mankhwala atsopano aja akugwira ntchito. Kwanuko akakhala pa nyumba yosanja, inu ndi alamu muli kuntchito, ana ali kusukulu, chilankhulo sachidziwa. Sadzadandaula, mukuwadziwa. Azidzangopukuta tebulo loyera kale.

Musaganize kuti ndasanduka mngelo. Zikatheka izi, ine ndipitabe ku likulu, ndipo ndipita mtima uli pansi kuposa mmene ndikanapitira. Mukafuna kunena kuti mlongo wanu wapeza njira yachidule yothawira, nenani, sindikana. Koma ndinawachotsa pampando wawo pamaso pa basi yonse, kenako ndinawachotsera basi imene. Chachitatu sindikufuna chichokere kwa ife.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Lamlungu masana, nthawi yathu ya kuno, muimbe pa foni yanga, osati ya Amayi. Ndidzatuluka nayo panja n'kuwapatsa a Tifika. Musawafunse za malipiro awo kapena sukulu imene anafika, monga munachitira ndi mnyamata wanga uja mpaka anathawa. Muwapatse moni, muwamve mmene amalankhulira. Mukatha apo, chimene mtima wanu unene ndidzachilemekeza, ngakhale ndidzakukwiyirani mpaka chaka chamawa.

Amayi ndangowauza kuti Lamlungu kubwera mlendo. Sanafunse kuti ndani. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe unabadwa miyezi isanakwane, ndipo sunasinthe." Kenako anakwera pampando n'kuyamba kumasula makatani a pabalaza kuti awachape. Sutikesi ija ikadali pansi, yotsegula. Aikamo majuzi ndi zithunzi za Bambo. Fulasiki sanaikemo.

Nthawi ya nkhomaliro yatha, abwana ayamba kale kukhosomola pakhomo. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsapato zija zinandikwana ndipo zaona kale fumbi la ku mauvuni a njerwa. Ana muwapsompsone, wamng'onoyo muuzeni kuti azakhali akumupangira mapu a mabasi oti apachike kuchipinda kwake. Amayi akupereka moni kwa nonse. Ati muwauze adzukulu kuti agogo akubwera posachedwa, koma ponena zimenezi anali akuyang'ana pawindo lopanda katani, cha kumsewu wa kumacheka. A Tifika ndinawafunsa ngati ndingakulembereni moni wawo. Anati ayi, moni wawo ausunga, adzaupereka okha ngati inu mutayamba.

Ine ndiyesetsa kuphunzira kudikira mpaka Lamlungu. Kupitirira apo sindikulonjeza.

Ndine mlongo wanu wosakhazikika uja,
amene mumamutcha Liwiro